Pulambala Amayambira Kumanholo

Nyumba zambiri za ku Area 3 ku Lilongwe ndi zakale, zina zinamangidwa likulu la dziko lisanachoke ku Zomba mu 1975. Banja likakula, eni nyumba amawonjezera chipinda chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chake. Odutsa amayamikira njerwa ndi denga. Ine mtima wanga uli pa pulambala, amene ntchito yake ikatha imakwiriridwa pafupifupi yonse.

Pulambala wodziwa ntchito sayambira pa mpopi. Amayamba wavundukula manholo akale kuseri kwa nyumba n'kuyeza kuzama kwake. Madzi abwino amabwera ndi mphamvu yawo kuchokera ku Lilongwe Water Board, imene imawatunga mumtsinje wa Lilongwe n'kuwayeretsera mu Area 3 momwemo. Madzi oipa alibe chowakankha, amangotsata kutsetsereka. Choncho paipi ya mamilimita 110 yochokera kuchimbudzi amaitsitsa pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse mpaka ikafike kumanholo. Ikagona kwambiri, zoipa zimaima panjira. Amisiri akale amatinso ikatsetsereka mopyola, madzi amathamanga okha n'kusiya zolimba m'mbuyo. Muyeso umenewu ndi umene umalamula msinkhu wa pansi pa chipinda chatsopanocho, n'chifukwa chake mumamumva akuuza womanga kuti, "Amisiri, simenti musathire kaye."

Muoneni ali m'ngalande. Wakoka chingwe, wayala mchenga, akutola mwala uliwonse umene ungadzaboole paipi dothi likakhazikika. Amaika levulo, amagwada, amapala mchenga pang'ono ndi chikhatho, n'kuikanso levulo. Sathamanga ngakhale mitambo itayamba kuda.

Luso lina lili polumikiza chakale ndi chatsopano. M'makoma a nyumba zimenezi muli mapaipi achitsulo amene dzimbiri linawadya m'kati mpaka njira ya madzi kuchepa. Wophunzira kumene amangokoka ndi mphamvu, paipi n'kuthyokera m'khoma. Katswiri amagwira masipanala awiri, ina yogwiriziza paipi yakale, ina yomasula, ndipo dzanja limamuuza pamene chitsulo chatsala pang'ono kugonja. Tepi amaikulunga motsata mazinga kuti isamasuke pomanga. Mapaipi apulasitiki a PPR amawatenthetsa pa makina ofika madigiri 260, kwa masekondi owerengeka chabe, n'kuwalowetsana mowongoka osapotoza. Akachedwa pang'ono, pulasitiki imasungunukira m'kati, ndipo shawa idzangodontha ngati denga lothonya moyo wake wonse.

Kapaipi kopindika pansi pa sinki kamasunga madzi ochepa otsekereza fungo. Paipi yotulukira pamwamba pa denga imalowetsa mpweya kuti madzi aja asakokedwe wina akagejemula. Ambiri amaziona ngati zongowonjezera ndalama, koma popanda izo chipinda chogona chimanunkha sepitiki thanki. Pulambala wachilungamo amafunsanso ngati thankiyo ndi dzenje lake zingakwanitse bafa lina, makamaka m'dzinja nthaka itakhuta madzi.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi kukana kwake pulasitala asanayese. Amatseka kumapeto konse, amatsegula madzi, n'kuwasiya usiku wonse. M'mawa amadutsitsa chala polumikiza paliponse. Pakapezeka chinyezi amadula n'kuyambiranso, mwini nyumba asanadziwe n'komwe.

Inu amene mukuganiza zowonjezera nyumba, muitaneni pulambala maziko asanakumbidwe, ndipo akapempha tsiku loyesera madzi mumupatse.