Kamera m'manja mwa mdzukulu

Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, anafika pa Nzama ku Ntcheu, m'dera la mfumu Njobvuyalema, nakhazikitsa mishoni. Kuchokera masiku amenewo maina a anthu a kuno akhala akulowa m'mabuku: a ubatizo, a ukwati, a sukulu, a msonkho, ndi m'kaundula wa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi. Nkhope zawo nazo zajambulidwa kambirimbiri. Koma wogwira cholembera ndi wogwira kamera kawirikawiri anali munthu wobwera, wansembe, wa boma, mtolankhani, kapena wa bungwe lachitukuko. Lero mnyamata wogulitsa kachewere pamsewu wa ku Tsangano ali ndi foni yojambula kanema m'thumba. Kamera yafika m'manja mwa munthu amene amadya nsima mbale imodzi ndi anthu amene angawajambule, ndipo apa pakubadwa mwayi wa mtundu wa filimu umene m'Malawi muno ukadali wosowa: filimu ya zochitika zenizeni imene munthu amajambula abale ake omwe, pofuna kudziwa kumene anachokera ndi zimene banja lake linasankha kusanena.

M'mafilimu otere, luso lalikulu si kamera yodula. Luso ndi kudziwa kuti iwe wojambulawe ndiwe ndani kwa munthu wakhala patsogolo pakoyo, ndi kulola kuti ubale umenewo uoneke m'filimumo. Kwathu kuno nkhani imeneyi ndi yolemera kuposa m'maiko ambiri, chifukwa mwambo unagawa kale amene angafunse chiyani kwa yani. Mwana sangafunse amayi ake maso ndi maso chimene chinathetsa ukwati wawo. Mdzukulu angathe, chifukwa iye ndi agogo ake amaseleulana, mpaka kuitanana "akazi anga", "amuna anga". Msuweni amalowa ndi nthabwala pamene mchimwene amaima pakhomo. Mkamwini sangalunjikitse kamera pankhope ya apongozi ake n'kuyembekeza kuti amasuka. Amalume, eni mbumba, amayankha ngati akuweruza mlandu, chifukwa mawu awo amamanga banja lonse. Nkhani imodzi yomweyo, anthu asanu awa ataijambula, patuluka mafilimu asanu osiyana. Wojambula amene amadula mawu ake onse ofunsa, n'kusiya agogo akuyankhula okha ngati pa nkhani za pa TV, wataya chinthu chokhacho chimene mlendo sangakhale nacho.

Taonani mafilimu awiri odziwika amene anajambulidwa m'dziko muno. I Am Because We Are ya 2008, imene anawongolera Nathan Rissman, imafotokozedwa ndi mawu a Madonna, ndipo iye amalumikiza masiye a ku Malawi ndi imfa ya amayi ake ali mwana wamng'ono. Chisoni chakecho n'choona, koma ana athu m'filimumo amasanduka umboni wa nkhani ya munthu wina. Buddha in Africa ya 2019, ya Nicole Schafer wa ku South Africa, ndi yakuya kwambiri. Imatsatira Enock Alu, mnyamata wokulira pamalo osamalira ana a Amitofo ku Blantyre, wophunzitsidwa Chitchaina, Chibuda ndi masewera a kung fu, amene ayenera kusankha pakati pa kukaphunzira ku Taiwan ndi kubwerera kwa abale ake achiyao. Mbali zimene zimakhala mumtima ndi za kumudzi, pamene mnyamatayo ali pakati pa anthu ake koma chilankhulo chawo chikumuvuta. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Schafer anaona zimene ife tikanazidutsa. Komabe kamera yake imakhala mlendo wolandiridwa bwino, ndipo anthu amaiuza zimene mlendo amauzidwa. Ndimalakalaka nditaona nkhani yomweyo itajambulidwa ndi msuweni wake wa Enock.

Achinyamata ofuna kujambula za mabanja awo amadandaula chinthu chimodzi: tilibe zithunzi zakale. N'zoona. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo mabanja ambiri a m'midzi ya Ntcheu akakhala ndi chithunzi cha agogo aamuna, ndi kamodzi ka pachiphaso, kotuwa, kosungidwa m'Baibulo. Koma ena mwa mafilimu amphamvu kwambiri a mtundu uwu anabadwa chifukwa cha kusowa komweko. Rithy Panh wa ku Cambodia anataya makolo ake pa ulamuliro wa Khmer Rouge, pakati pa 1975 ndi 1979, ndipo zithunzi zimene zinatsala za nthawiyo zinali zimene akuphawo anajambula podzitama. Mu The Missing Picture ya 2013, anagwiritsa ntchito tizidole tadothi, tosemedwa ndi kupakidwa utoto, tosayenda, n'kutiika m'minda ya mpunga yongopanga. Kusayenda kwa tizidoleto kumauza woonera kuti uku ndi kukumbukira, si chithunzi cha tsikulo.

Asmae El Moudir wa ku Morocco anapita patsogolo mu The Mother of All Lies ya 2023. Anakula wopanda zithunzi za ubwana wake chifukwa agogo ake aakazi ankaletsa zithunzi m'nyumba, kupatula cha mfumu Hassan II. Pamodzi ndi bambo ake, amene ndi mmisiri womanga, anapanga kamudzi kakang'ono kofanana ndi dera lawo la mu Casablanca, ndi tizidole ta abale ndi oyandikana nawo nyumba. Kenaka anasonkhanitsa anthu enieniwo mozungulira kamudziko kuti afotokoze za zipolowe za mu June 1981, pamene anthu anaphedwa ndi kumangidwa pokana kukwera mtengo kwa buledi. Mwamuna wina amene anamangidwa nthawiyo amatenga tizidole n'kutithithikiza m'kachipinda kakang'ono posonyeza mmene anawapanikizira m'ndende, ndipo manja ake amanena zimene pakamwa pakanalephera. Agogo aja amakhala pambali ndi ndodo yawo, akukalipa, akukana. Atawajambulira nkhope yawo pagalasi, amaliphwanya ndi ndodoyo. El Moudir sanadule mbali imeneyo. Kukana kwa agogo ake ndiko msana wa filimuyo, ndipo ndi mdzukulu yekha amene akanapirira ukali wotere n'kupitiriza kujambula osathamangitsidwa pakhomo.

Ana a ku Nzama amaumba ng'ombe ndi galimoto zadothi kudambo popanda wowaphunzitsa. Sindikunena kuti tizikopera Panh. Ndikunena kuti zipangizo zokumbutsira zilipo kale. M'nyumba zambiri muli sutikesi yachitsulo yochokera ku Joni, wailesi ya Supersonic imene inasiya kulira kalekale, chiphaso cha Theba cha ntchito ya kumigodi, khasu lotha limene mwini wake anamwalira. Kutchalitchi kuli mabuku a ubatizo. Kubwalo kuli nyimbo za ngoma zimene mawu ake achingoni oimba ambiri sawamvanso tanthauzo, koma amaziimbabe chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Munthu wokalamba ukam'patsa chinthu m'manja amayankhula mosiyana ndi pamene wangom'khazika pampando n'kunena kuti "tatiuzeni mbiri yanu".

Ndipo nkhani zosanenedwa ndi zambiri. Pali matchona, amuna amene anapita ku migodi ya ku South Africa kapena ku Rhodesia osabweranso, ena atakwatira komweko. Pali ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu April 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, n'kuchititsa Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi kwa zaka zingapo. Pali nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, pamene dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Ku Ntcheu nkhondoyo sinali ya kutali: m'madera a Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Angonia. Ena mwa othawawo anakwatira kuno, ndipo adzukulu awo lero sadziwa mudzi weniweni wa agogo awo. Pali zaka za mantha, pamene Albert Muwalo, mwana wa m'boma lomwe lino amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha Congress, ananyongedwa mu 1977, ndi pamene a Mboni za Yehova ankathamangitsidwa m'midzi. Pali maliro a zaka za m'ma 1990, amene mpaka lero banja limangoti "anadwala nthawi yaitali". Mabuku a mbiri amalemba zaka ndi ziwerengero za zonsezi. Chimene sanalembe ndi mmene mayi anagawira ufa mwamuna atasiya kutumiza ndalama, ndi amene anaulula mnzake.

Cholepheretsa chachikulu ndi chizolowezi chimene kamera yatiphunzitsa. Anthu akumudzi anaona kamera za mabungwe kwa zaka zambiri, ndipo anaphunzira chilankhulo chake. Akangoona kuti ayamba kujambulidwa amavala chitenje chatsopano, kuwongola msana, kutchula dzina ndi mudzi ndi mfumu yaikulu, kenaka kuthokoza ndi kupempha thandizo. Mawu amenewo ndi yunifolomu. Mdzukulu wojambula ayenera kudikira mpaka yunifolomuyo itavulidwa, ndipo nthawi zina zimatenga masiku ambiri kamera ili pomwepo, anthu mpaka kuiiwala.

Apa ulemu ndi luso zimakumana. Munthu amene waima chilili n'kulozetsa foni pansi kwa agogo okhala pamphasa wachita mwano, ndiponso wajambula chithunzi choipa: munthu wojambulidwa kuchokera pamwamba amaoneka wochepa, wopempha. Khalani pansi, foni muitsamiritse pamtondo kapena pampando kuti ikhale pamlingo wa maso awo. Asiyeni apitirize kutongola chimanga, chifukwa manja akakhala ndi ntchito pakamwa pamamasuka. Samalani mawu kuposa chithunzi. Mphepo ya m'mapiri a Ntcheu m'mwezi wa June imameza mawu onse pafoni, choncho khalani kuseri kwa nyumba kapena m'khitchini, foni ina yojambula mawu okha muiike pafupi ndi iwo. Woonera amakhululukira chithunzi chamdima, koma sakhululukira mawu osamveka. Ndipo agogo akasiya kuyankhula pakati pa nkhani, musafulumire ndi funso lina, musazimitse. Ojambula athu a maukwati ndi maliro, amene ndimawalemekeza chifukwa ndiwo asunga nkhope za anthu ambiri amene anatisiya, anatizoloweza kuthira nyimbo paliponse pamene pali zii. M'filimu ya pabanja, nyimbo ya kiyibodi yothiridwa pa mayi amene akulephera kumaliza chiganizo imalanda woonera mpata woti amve yekha kulemera kwa chimene chatsala kukhosi.

Vuto lina limabwera posanja ndi kudula zojambulazo pakompyuta. Azakhali anena kuti agogo anapita ku Joni chifukwa cha msonkho, amalume anena kuti anathawa mlandu wa mimba, buku la kutchalitchi lionetsa chaka china. Wojambula wosakhwima amasankha nkhani imodzi n'kutaya zinazo. Sarah Polley wa ku Canada, mu Stories We Tell ya 2012, anachita mosiyana. Amayi ake, Diane, anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo atakula anadzadziwa kuti bambo amene anamulera, Michael Polley, si amene anamubereka. Anafunsa abale ake onse ndi anzawo a amayi ake, aliyense payekha, n'kusiya mayankho awo akutsutsana. Anaika Michael mu situdiyo kuti awerenge yekha zimene analemba za nkhaniyo, ndipo timamumva mwana akuuza bambo ake kuti abwereze mzere. Harry Gulkin, bambo womubereka, amanena poyera m'filimumo kuti sakugwirizana ndi njira yofunsa aliyense, kuti nkhaniyo ndi ya iye ndi malemuwo. Polley anasiya kudandaula kumeneko momwemo. Chimodzi chokha chimene ndimakayikira m'filimu yake ndi zithunzi zooneka ngati zakale zimene anajambula ndi ochita zisudzo n'kudzaulula kumapeto. Kwa anthu a ku Toronto, amene ali ndi makanema ambiri a mabanja awo, ndi phunziro labwino lakuti chithunzi chinganame. Kwa ife amene zithunzi zakale n'zowerengeka, chongopanga chizioneka kuti n'chongopanga kuyambira pachiyambi, chifukwa pakapita zaka makumi awiri adzukulu adzachitenga ngati umboni.

Munthu wa kuno sayenera kuphunzitsidwa kuti nkhani ili ndi mbali zambiri. Anakulira pabwalo la mfumu, pamene aliyense amapatsidwa mpata mpaka atamaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo pamakhala chigamulo, pamene filimu yabwino ya pabanja imatha kutha mlandu usanagamulidwe. Akuol de Mabior, mwana wa John Garang wa ku South Sudan, mu No Simple Way Home ya 2022, amajambula amayi ake, Rebecca Nyandeng, amene anakhala mmodzi wa achiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2020. Amawakonda, amawakayikira, amaopa zimene ndale zingawachite, ndipo filimuyo siyesa kuthetsa kusokonezeka kumeneko.

Chotsala ndi chilolezo, ndipo pepala losainidwa silikwanira. Agogo amene avomera kujambulidwa ndi mdzukulu wawo pakhonde sanavomere kuti azionedwa pa WhatsApp ndi mudzi wonse, kapena pa YouTube ndi abale a ku Bulawayo amene sankadziwa kuti kuno kulinso banja lina. Filimu yotere iyenera kuonetsedwa koyamba m'nyumba momwemo, pamaso pa onse amene alimo, isanapite kwina kulikonse. Pamenepo azakhali adzati, "Iwe, apo pokha uchotse." Ngati chochotsedwacho chikuteteza munthu wamoyo amene sanalakwe, mwana wobadwa kunja kwa ukwati kapena mayi wodwala, wojambula amvere. Ngati chikuteteza dzina la amene anazunza ena, akambirane nawo mpaka pomaliza, ndipo akakanitsitsa awapemphe kuti alole kujambulidwa akufotokoza chifukwa chimene akukanira. Ambiri amalola zimenezo, chifukwa nawonso amafuna kuti mbali yawo imveke.