Agogo a Mayi Anga Ali Kuti M'buku la a Ntara?

Buku la Mbiri ya Achewa ndidaligula pafupi ndi msika wa ku Old Town, kwa mnyamata woyala mabuku akale pansi, chikuto chake chitathothoka kale. Chidanditengera kumeneko ndi mlandu wa kumudzi. Banja lathu lidasamutsidwa pamene boma linkalambula malo omangapo likulu, ntchito yomwe bungwe la CCDC lidayamba m'chaka cha 1968, likululo nkudzachoka ku Zomba m'1975. Pomwe panali minda ya makolo lero pali mipanda ya njerwa ndi agalu olusa. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse popita ku ntchito ku Capital Hill. Kumalo komwe adatipatsa, patapita zaka pafupifupi 50, adzukulu a nyakwawa adayamba kunena kuti mayi anga ndi obwera, munda ubwezedwe. Mayi ankakana. Ankati agogo awo aakazi adali mlongo wake wa nyakwawa yoyamba, bere limodzi. Koma onse amene akadaikira umboni adagona kalekale.

Ndidatsegula bukulo ndi chikhulupiriro cha mwana wasukulu. A Samuel Yosiya Ntara ndi munthu wamkulu pa zolembalemba zathu, ndipo sindikufuna kuwachepetsa. Mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ameneyu adapambana mphotho ndi Nthondo, buku lomwe a Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi m'1934, nthawi yomwe ambiri ankaganiza kuti chiyankhulo chathu nchongoimbira nyimbo za m'tchalitchi. Mu Mbiri ya Achewa adatolera zomwe ankakamba akuluakulu obadwa Azungu asanakhazikike, ndipo akadazengereza zaka khumi zokha, zambiri zikadapita kumanda. Chichewa chake nchosalala ngati cha munthu wokamba nkhani pabwalo, ndipo mpaka lero ndimasirira momwe amatchulira maina a mitsinje ndi mapiri osatopetsa owerenga.

Komabe nditafika tsamba lomaliza ndidazindikira kuti mutu wa bukuli ndi waukulu kuposa zomwe zili m'kati. Iyi ndi mbiri ya mafumu a Achewa: Kalonga, Undi, Mkanda, Mwase, ndani adalowa ufumu wa yani, ndani adathawa nkhondo. Wina anena kuti akazi alimo, ndipo nzoona, Nyangu alimo, Makewana wa ku Msinja alimo. Koma amenewa ndi maina a mipando. Mayi wamba amene mbumba yonse imawerengedwa kuchokera kwa iye, amene munda umayenda m'dzina lake, amaoneka mwa apo ndi apo. Kwa anthu ngati ife, omwe mwana amakhala wa kuchikazi ndipo mkamwini amabwera kudzakhala kwa mkazi, kusowa kumeneku nkwakukulu. Ndikuganiza kuti a Ntara adafunsa amene mphunzitsi wamwamuna wa mishoni akadatha kukhala nawo pansi masiku amenewo, mafumu ndi nduna zawo. Kumtondo sadafikeko.

Msyamboza ndimalikonda kuposa linzakelo, chifukwa limatsata munthu mmodzi, mfumu ya mudzi wa Chibanzi ku Dowa, ndipo umamva fungo la mudzi: malonda, ulimi, kulowa Chikhristu. Wofuna kulemba za banja lake aphunzirepo pamenepo. Koma nalonso ndi buku la mwamuna amene adatchuka.

Ndidatenga tchuthi cha masiku asanu nkupita ku Zomba, kumalo osungira zolembedwa zakale za dziko lino, omwe adatsegulidwa m'1947. Munthu wopita kumeneko adziwiretu kuti moto udapsereza maofesi akuluakulu a boma la atsamunda m'1919, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira adathera pomwepo. Zotsalazo ndidazisanthula mpaka zala kuda ndi fumbi. Mabwanamkubwa ankalemba mndandanda wa mafumu ndi midzi, makamaka chiyambire lamulo la 1912 lomwe lidayika mafumu pa ntchito ya boma, pofuna kudziwa wokhometsa msonkho ndi woweruza milandu. Dzina la nyakwawa yathu ndidalipeza, lolembedwa molakwika. Za alongo ake panalibe. Chidandidabwitsa nchakuti Mzungu wamsonkho ndi mlembi wathu wokonda mtundu wake, anthu osiyana zolinga, adasiya mpata pamalo amodzimodzi.

Kaundula wa ubatizo kutchalitchi adandithandiza pang'ono. Gogoyo alimo, koma ndi dzina la m'Baibulo lomwe kumudzi palibe ankamuitana nalo, pambali pake dzina la mwamuna wake. Za wilo musafunse nkomwe. Anthu akumudzi sankalemba wilo, ndipo ngakhale ife a m'maofesi timaopa kuti kulemba nkudziitanira imfa. Ndaona anzanga a ku Area 43 akusiya nyumba zazikulu popanda kapepala, ana ndi asuweni nkumakumana kukhoti. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 lidayika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, kusiyana ndi la 1967 lomwe linkasiyira gawo achibale olowa chuma mwamwambo. Zonsezi nzabwino, koma sizinena kanthu za yemwe adabala yani zaka 100 zapitazo.

Umboni udatulukira komwe sindinkayembekeza. Mng'ono wake wa nyakwawa ija adapita ku Wenela ndipo adafera kumigodi ya ku Joni. Ndalama zake zidatumizidwa kwa bwanamkubwa kuti zipatsidwe kwa wolowa chuma, ndipo poti boma silipereka ndalama popanda wosainira, kalaliki adayenera kufunsa. M'failo yopyapyala, ya mapepala anayi, muli dzina lenileni la agogo a mayi, dzina lakumudzi, ndi mawu osonyeza kuti ndi mlongo wa malemuyo, nyakwawa ikuchitira umboni. Pansi pake pali chidindo cha chala chachikulu. Ndidakhala chete nthawi yaitali ndikuyang'ana chalacho. Ine ndine wa m'boma, ntchito yanga ndi yolemba mafomu omwe ndimawanyoza tsiku ndi tsiku, ndipo kalaliki wina wotopa ngati ine ndiye adasunga chomwe mlembi wathu wamkulu adachilumpha.

Apa mpomwe ndimadandaula ndi ife olemba a lero. A Ntara ali ndi chowiringula, ife tilibe. Mabuku athu a mbiri m'Chichewa akadali ochepa, ndipo tikati tilembe timabwereza ulendo wochokera ku Uluwa ngati katekisimu, osapita kwa azakhali ndi kope kukafunsa kuti amayi awo adali yani, adabadwira kuti, adayamwa bere limodzi ndi ndani. Midzi yomwe idachotsedwa pomanga City Centre, maina ake tikuwadziwa angati?

Kope la pepala lija ndidapita nalo kubwalo la a gulupu. Lidawerengedwa kawiri, kachiwiri momasulira. Mkulu wina wa mbali inayo adafunsa ngati chala cha munthu wakufa chingayankhule, anthu nkuseka. Munda adatisiyira, ngakhale malire a kudambo akadali pa mkangano. Mayi adapempha kuti pepalalo akhale nalo iwo. Satha kuwerenga Chingerezi, koma adandiuza kuti ndiwalozere pomwe pali dzinalo, ndipo adalisunga m'kati mwa buku lawo la nyimbo.