Liwu la "Mpweya" ndi Katundu Amene Talisenzetsa

Mwezi wa Okutobala ku Karonga dzuwa silicheza ndi munthu. Tsiku lina masana, ndili chikhalire pamthunzi pafupi ndi msika wa paboma, tayala la njinga ya kabaza, imene kumeneko amati kago, linangoti phuu! njingayo ili chiimire pamtetete popanda woikwera. Mwini wake, mnyamata wolankhula Chinkhonde, anapukusa mutu nandiuza m'Chichewa chosalala kuti, "Bambo, mpweya unachuluka ndi dzuwali." Tonse amene tinali pomwepo tinavomera. Koma mpweyawo sunachuluke ayi. Palibe anapopera wina m'chubumo, ndipo umene unalimo m'mawa ndi womwewo umene unalimo masana. Cholakwa chimenechi sindikuchiika pa mnyamatayo. Ndikuchiika pa ife amene timalemba timabuku, kumasulira nkhani za pa wailesi ndi kuphunzitsa ana, pakuti liwu limodzi la "mpweya" talisenzetsa katundu woyenera mawu asanu, pamene akuluakulu anatichenjeza kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Tisanaweruze mawu, tiyeni tione kaye chimene mawuwo akuyenera kunyamula. Akatswiri a sayansi amati mpweya si chinthu chimodzi chogwirana ngati nsima. Ndi khamu la tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa mamolekyu, timene timathamanga mosalekeza, kugundana tokhatokha ndi kumenya khoma la chilichonse chimene tatsekeredwamo. M'kabokosi ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu muli mamolekyu amene chiwerengero chake chimaposa 2 wotsatidwa ndi maziro 19, ndipo liwiro lake ndi mamita pafupifupi 500 pa sekondi. Ganizo limeneli analilemba Daniel Bernoulli mu 1738, pofotokoza zimene Robert Boyle anapeza mu 1662, zakuti mpweya ukaupanikizira m'theka la malo amene unali, kutentha kwake kuli kosasintha, umakankha mowirikiza kawiri. Mu 1860 James Clerk Maxwell anaonetsa kuti mamolekyu sathamanga liwiro limodzi: ena amayenda mwaulesi, ena mwaliwiro loopsa, koma ochuluka ali pakatikati. Ludwig Boltzmann wa ku Austria ndi Josiah Willard Gibbs wa ku America, amene buku lake linatuluka mu 1902, anakuza nzeru zimenezi mpaka zinakhala nthambi yapayokha ya sayansi, imene pa Chingerezi amati statistical mechanics. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti palibe angalondole molekyu imodziimodzi, koma khalidwe la khamu lonse limawerengetseka, ndipo khamulo likamakula mawerengedwewo amanka nadalirika.

Munthu wa kunyanja safunika kumuuza zambiri pamenepa chifukwa nkhungu amaziona. Tizilombo timeneti tikatuluka m'madzi, amene waima pagombe la Ngara kapena la Chilumba amaona ngati utsi wa moto wolusa pakati pa nyanja. Kalikonse kamauluka molowera kwake, komabe mtambo wonse uli ndi msinkhu wake ndi kolowera kwake, mwakuti amayi odikira ndi madengu amadziwa gombe limene ufikire. Fanizoli lili ndi polekezera, poti nkhungu ndi zamoyo ndipo zimafunana, pamene mamolekyu sadziwa kanthu, amangogundana. Koma taonani mmene Chichewa chimanenera nkhani imeneyi. Gulu la mayina la Ka-Ti likutipatsa kuchepa ndi kuchuluka nthawi imodzi, ndipo msintho wochitirana wa -an- ukutipatsa kumenyana kwa ichi ndi chinzake. Mawu awiri okha, "timamolekyu tikugundana", anena zonse. Amene amati chiyankhulo chathu n'chosauka pa za sayansi ayambe aona zimenezi. Umphawi wathu uli pena.

Uli choyamba pa liwu la "mpweya" lenilenilo. Limatanthauza chimene munthu amapuma, chimene chili m'tayala, ndiponso mkhalidwe wachitatu wa zinthu pambuyo pa zolimba ndi zamadzimadzi. Mphunzitsi akafika pa mfundo yakuti chimene timapuma ndi msanganizo, amakakamizika kunena kuti "mpweya ndi msanganizo wa mipweya", ndipo mwana amangoti kakasi. Tikumbukire kuti kwa ana ambiri a ku Karonga Chichewa ndi chiyankhulo chachiwiri pambuyo pa Chinkhonde kapena Chitumbuka, kotero alibe pothawira liwu likawasokoneza. Mankhwala ake ali kale m'kamwa mwa anthu. Owotcherera zitsulo ndi ophikira pa silinda amati "gasi". Tilitenge liwu limeneli, mochulukitsa "magasi", likhale dzina la mkhalidwe wachitatuwo, ndipo "mpweya" utsale dzina la chimene chatizinga. Potero tidzati mpweya ndi msanganizo wa magasi: magawo 78 pa 100 alionse ndi naitirojeni, magawo 21 ndi okosijeni. Woopa mawu obwerekera adziwe kuti Angerezi nawonso anachita kubwereka liwuli. Analipeka ndi Jan Baptista van Helmont, amene anamwalira mu 1644, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chipwirikiti, ndipo kunena zoona sakadapeza dzina loposa limeneli.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mawu awiri amene azika mizu pa wailesi ndi m'timapepala ta zaumoyo ndi zachilengedwe, akuti "mpweya wabwino" m'malo mwa okosijeni ndi "mpweya woipa" m'malo mwa kaboni dayokisaidi. Mawuwa amakoma m'khutu koma amanama. Okosijeni amene tikumutcha wabwino ndi yemweyo amene amadyetsa malata dzimbiri ndi kukolezera moto wotentha nkhokwe. Kaboni dayokisaidi amene tikumutcha woipa, yemwe mumpweya alimo magawo 4 okha pa 10,000, ndiye chakudya cha mpunga wa ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya. Atachoka yense, masikimu onsewa sangatulutse ngakhale ngala imodzi. Kuonjezera apo, "woipa" ndi mfotokozi chabe, ndipo mfotokozi amakwatiwa ndi dzina lililonse. Mawu omwewa mudzawamva ponena za redoni, gasi wotuluka m'miyala ya yureniyamu ngati ya ku Kayelekera. Mudzawamvanso ponena za kaboni monokisaidi, gasi wopanda fungo wotuluka pambaula ya makala, amene amalowa m'magazi ndi kupha anthu ogona m'nyumba yotseka mazenera. Za tanthauzo lina limene ana asukulu amaseka nalo akamva mawu amenewa sindinenapo. Tsono mayi amene wamva kuti "mpweya woipa" ndi nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi mafakitale a kunja adzadziwa bwanji kuti mbaula imene walowetsa kuchipinda usiku wa mwezi wa Juni ingathe kumupha iye ndi ana ake kusanache? Pano kusasamala mawu kwasanduka nkhani ya maliro. Gasi aliyense atchulidwe ndi dzina lake, ngakhale dzinalo litalike.

Tibwerere ku tayala lija. Womasulira wina akadati "mphamvu ya mpweya inachuluka", koma "mphamvu" nayonso yatopa ndi katundu: ndi ya ng'ombe yokoka ngolo, ya magetsi, ya chakudya m'thupi, ndiponso ya mfumu. Chimene chinang'amba chubu ndi kumenya kwa mamolekyu pa khoma lake, kuwerengera kukula kwa malo omenyedwawo. Ena amakonda kutcha chimenechi "mpanikizo", koma liwu limeneli limapereka chithunzi cha dzanja lofinya kuchokera kunja. Ine ndikadasankha "mkankho", kuchokera ku mneni "kankha", chifukwa likunena chimene mamolekyu akuchita ali mkati. Liwu lomweli lingafotokoze chifukwa chimene nyemba zimachedwera kupsa pamwamba pa mapiri a Nyika: mkankho wa mpweya kumeneko ndi wochepa, choncho madzi amawira pa madigiri pafupifupi 92, pamene m'mbali mwa nyanja ku Karonga amawira pa madigiri 98.

"Kutentha" nakonso kuli pawiri. Kapu ya tiyi imawotcha lilime pamene nyanja siwotcha, komatu nyanja yasunga kutentha kochuluka kopanda poyerekeza ndi kapu. Chimene timayeza m'madigiri ndi china, ndipo chimasonyeza mphamvu ya kuthamanga imene molekyu imodzi ili nayo tikagawa mofanana pa khamu lonse. Chimenechi tichitche "katenthedwe", monga timanenera kayendedwe ndi kalembedwe. Akatswiri amawerenga katenthedwe kuyambira pa madigiri 273 kunsi kwa ziro. Choncho tayala likachoka pa madigiri 20 m'mawa kufika pa 50 masana, lachoka pa 293 kufika pa 323. Liwiro la mamolekyu lakwera ndi magawo 5 okha pa 100, koma popeza tsopano akumenya mwamphamvu ndiponso pafupipafupi, mkankho wakwera ndi magawo 10 pa 100. Kwa chubu chokalamba, chodzaza zigamba, chimene chinapopedwa mpaka gwa m'mawa, zimenezi n'zokwanira.

Liwu lomaliza limene ndikulikayikira ndi "mwayi". Sayansi imeneyi imati palibe lamulo loletsa mpweya wonse wa m'chipinda kusonkhana mbali imodzi n'kusiya mbali inayo mbee. Zimangokhala kuti njira zomwazikana n'zochuluka kwambiri kuposa njira zosonkhana. Mamolekyu atakhala 10 okha, onse angapezeke m'theka la kumanzere kamodzi pa maulendo 1,024. Atakhala 100, ndi kamodzi pa nambala ya manambala 31 m'litali. Nanga khamu lija la maziro 19? Omasulira amati "mwayi woti zichitike ndi wochepa". Koma mwayi pa Chichewa ndi chinthu chokoma chogwera munthu, chimene ena amachifunira ndi mankhwala omwe, ndipo kutsamwa m'chipinda chopanda mpweya si mwayi. "Kuthekera" kukadachita bwino, chifukwa kulibe mbali, ndipo kumalola kuyezedwa kuti n'kwakukulu kapena n'kochepa.

Ena adzati mawu opeka sakhalitsa. Awoloke mlatho wa Songwe akamve ana a ku Kyela. Chiswahili chimasiyanitsa hewa ndi gesi, joto ndi halijoto, ndipo chili ndi shinikizo ndi nishati payekhapayekha. Ena mwa mawuwa anali achilendo poyamba, koma bungwe la BAKITA, limene linakhazikitsidwa mu 1967, pamodzi ndi olemba mabuku a sukulu, anawagwiritsa ntchito mosasinthasintha mpaka anazolowereka. Kwathu kuno malamulo a kalembedwe a 1990 anatiuza mmene tingalembere liwu, koma sakadatiuza liwu loti tilembe. Imeneyo ndi ntchito ina.

Sindikunena kuti "mkankho" ndi "katenthedwe" ndi mawu opanda banga. Palinso liwu limodzi limene landikanika, lonena chiwerengero chogawana mofanana chija, chimene ambiri amangoti "avereji". "Pakatikati" sipakwanira, popeza pakati pa mzere ndi pena ndipo chogawana ndi china. Owerenga athu a ku Karonga, makamaka aphunzitsi, asodzi ndi ogula mpunga amene amawerengera zotere tsiku ndi tsiku, atilembere mmene amanenera pa Chinkhonde ndi pa Chitumbuka, mwina liwu limene tikulisowali lili kale kumeneko.