Mkanda wa Wilma ndi tayi wa Fred

Amene anaonerapo katuni ya The Flintstones amakumbukira mkanda wa miyala yoyera umene suchoka m'khosi mwa Wilma, komanso tayi wabuluu wa mwamuna wake, Fred. Poona koyamba munthu angayese kuti n'zotchenera chabe, koma kwa ojambula a kampani ya Hanna-Barbera zinthu zimenezi zinali ndi ntchito ina. Zinkabisa malo amene mutu wakumana ndi thupi. Thupi ankalijambula kamodzi papepala la pulasitiki loonekera mkati n'kulisiya lili duu, kenako ankangosintha mutu, maso ndi pakamwa pamapepala ena osanjika pamwamba. Ngakhale mthunzi wa ndevu wozungulira pakamwa pa Fred unali malire a kachigawo kamene kankayenda iye akamalankhula.

Nzeru imeneyi inabwera chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. William Hanna ndi Joseph Barbera anali akatswiri kale. Kuyambira mu 1940 ankapanga Tom and Jerry ku kampani ya MGM, ndipo mphaka ndi khoswe uja anawinitsa kampaniyo mphoto 7 za Oscar. M'makatuni amenewo chilichonse chinkayenda, mchira, ndevu, zala, ngakhale khungu la pamsana mphaka akadzidzimuka. Mu 1957 MGM inatseka nthambi yake ya makatuni, awiriwa n'kupezeka ali pa ulova. Wailesi zakanema zinkafuna makatuni, koma ndalama zimene zinkalipira zinali kachigawo kochepa ka zimene makampani a mafilimu ankawononga. Hanna ndi Barbera anasankha kuchepetsa zojambula m'malo mosiya ntchito, ndipo anayesera njirayi pa The Ruff and Reddy Show mu 1957 ndi The Huckleberry Hound Show mu 1958.

Pa 30 September 1960, wailesi ya ABC inaonetsa gawo loyamba la The Flintstones madzulo, nthawi imene akuluakulu amakhala atakhala pansi kuonera masewero. Iyi inali katuni yoyamba ya theka la ola yofotokoza nkhani imodzi ya pabanja kuikidwa pa nthawi yotereyi. Sanaipangire ana. Umboni wake ndi wakuti m'zaka ziwiri zoyambirira mmodzi mwa olipirira pulogalamuyi anali kampani ya ndudu za Winston, ndipo Fred ndi mnzake Barney Rubble ankaoneka m'malonda akusuta kuseri kwa nyumba akazi awo ali kalikiliki ndi ntchito za pakhomo. Lero malonda amenewo amachititsa manyazi. Nkhani zake nazo zinali za akuluakulu: malipiro osakwana, bwana wovuta dzina lake Mr. Slate, apongozi obwera osaitanidwa, bodza limene mwamuna wanena pofuna kukasewera bowling usiku.

Maziko a nkhaniyi sanali atsopano. Aliyense ku America anaona kuti Fred wafanana ndi Ralph Kramden, woyendetsa basi wa pakamwa mu The Honeymooners, sewero la Jackie Gleason. Mwamuna waphokoso wolota zolemera msanga, mkazi wanzeru womudziwa mpaka m'mitsempha, mnzake woyandikana naye nyumba wofatsa: zonsezi anazitenga kumeneko n'kuzisamutsira m'tauni ya Bedrock, m'nthawi imene anthu ankagwiritsa ntchito zida za miyala.

Popeza zithunzi zinkayenda pang'ono, mtolo wonse unagwera mawu. Ochita sewero ankayamba ajambula mawu, ojambula zithunzi n'kumatsatira pambuyo, kugwirizanitsa pakamwa ndi zimene zanenedwa kale. Alan Reed anapatsa Fred mawu a munthu amene amayamba kukalipa asanamve nkhani yonse, kenako n'kufewa ngati mwana akazindikira kuti walakwa ndi iyeyo. Jean Vander Pyl anali Wilma, Bea Benaderet anali Betty, mkazi wa Barney, ndipo Barney anali Mel Blanc, yemwe uja wa Bugs Bunny. Blanc atachita ngozi yoopsa ya galimoto mu January 1961, Daws Butler anagwirizira magawo ochepa, kenako zipangizo zojambulira mawu anazipititsa kunyumba kwa Blanc, anzake n'kumazungulira bedi lake iye ali chigonere m'chikhakha. Kampani sikanavutika chotero mawuwo akanakhala chinthu chongowonjezera.

Chuck Jones, mmisiri wa makatuni a Warner Bros., ankanyoza makatuni a pa wailesi yakanema a mtundu umenewu ponena kuti ndi wailesi wamba yongoikidwa zithunzi. Sanali kunama kwenikweni. Munthu atatseka maso, gawo lalikulu la The Flintstones angalitsatirebe, mpaka kuseka kwa anthu kojambulidwa kale kumene anaikamo kumamuuza pamene pali nthabwala. Koma chigamulo cha Jones chimalumpha chinthu chimodzi chimene khutu silingagwire, chomwenso ndi chokoma kuposa zonse m'katuniyi: zinyama zogwira ntchito ya makina.

Wilma akafuna kusesa, amakankha kanjovu kaubweya kokhala pa matayala, chitamba chake n'kumayamwa fumbi. Pansi pa sinki pali nkhumba yodikira zotsala za chakudya. Singano ya galamafoni ndi mlomo wa mbalame yoweramira pa mbale ya mwala. M'kamera mumakhala kambalame kogwira tchizulo, kamene kamasema nkhope ya munthu pa kamwala mwamsangamsanga. Kuntchito, kophwanya miyala, Fred amakhala pamsana pa dinosaur ya khosi lalitali imene imanyamula miyala ndi pakamwa. Nthabwalayi imafika pachimake chinyamacho chikatembenukira kwa oonera n'kudandaula mwachidule za ntchito yake, ndi nkhope ya munthu amene watopa koma alibe kwina kopita. Apa kuchepa kwa zojambula kumathandiza. Nkhope yosagwedezeka, maso ogwa pang'ono, pakamwa pokha n'kumayenda, zimaseketsa kuposa mmene zikanaseketsera chinyamacho chikanamalumphalumpha. Ed Benedict, amene anakonza maonekedwe a Fred ndi anzake, anawapatsa mizere yokhuthala ndi matupi osavuta, oti ngakhale ataima chilili amaonekabe amoyo, ngakhalenso pa kanema wamng'ono wosaonetsa mitundu wa m'nyumba za nthawi imeneyo.

Pena kusunga ndalamako kumaonekera poyera. Fred akamathamanga m'nyumba mwake, amadutsa windo limodzimodzi ndi tebulo limodzimodzi kangapo, ngati nyumbayo ilibe mathero. Chithunzi chakumbuyo ankangochizungulitsa.

Zinthu zinasintha pa 22 February 1963 pamene Pebbles, mwana wamkazi wa Fred ndi Wilma, anabadwa. Barbera mwiniwake anafotokoza kuti poyamba ankafuna mwana wamwamuna, koma kampani ya zidole ya Ideal inawauza kuti chidole chachikazi ndiye chingayende malonda. Chaka chomwecho kunabwera gawo limene ndi lolimba mtima kwambiri pa onse, lonena za Barney ndi Betty akulakalaka mwana koma osamupeza, mpaka anatenga Bamm-Bamm n'kumulera. Kusabereka sinali nkhani imene masewero oseketsa a nthawiyo ankaikhudza. Komabe ana atangolowa m'nkhani, pulogalamu inayamba kupendekera kwa ana. Ndudu zinali zitachoka kale, m'malo mwake munalowa madzi a mphesa a Welch's. Pofika 1965 olemba anabweretsa Great Gazoo, kamunthu kobiriwira kochokera kudziko lina kokhala ndi matsenga. Kameneka kanaononga lamulo limene linkagwira dziko la Bedrock, loti chilichonse chamakono chipangidwe ndi mwala, fupa kapena nyama. Gawo lomaliza, la nambala 166, linaonetsedwa pa 1 April 1966.

Mu 1961 The Flintstones inakhala katuni yoyamba kupikisana nawo pa mphoto ya Emmy ya sewero loseketsa labwino koposa, ndipo panadutsa zaka 48 kuti ina, Family Guy, ifikepo mu 2009. Chiwerengero cha magawo a The Flintstones chinapitiriridwa ndi The Simpsons mu 1997. Homer Simpson wa mu The Simpsons ndi Peter Griffin wa mu Family Guy ndi adzukulu a Fred osachita kufunsa, abambo onenepa, aphuma, okwatira akazi owaposa nzeru. Wofuna kuona luso la Hanna ndi Barbera lili pa mphamvu zake ayambe ndi magawo a 1960 mpaka 1963. A Gazoo angathe kuwalumpha osataya kanthu.