Bokosi limodzi, mapepala awiri

Pa 14 Juni 1993, munthu wofika pamalo oponyera voti ankalandira zinthu zitatu m'manja: pepala la tambala wakuda, pepala la nyali, ndi envelopu yopanda kanthu. Cholembera sichinkafunika. Ankalowa yekha m'kachipinda, n'kusankha pepala limodzi, kuliika mu envelopu, linalo n'kulitaya m'chotayira chomwe chinali momwemo. Akatuluka ankaponya envelopuyo m'bokosi limodzi lokha, pamaso pa onse. Tambala ankaimira chipani chimodzi cha Malawi Congress Party, nyali inkaimira matipate. Ntchito yonseyi inkatha m'kanthawi kochepa, koma kachidutswa kake kalikonse kanachita kukanganirana, ndipo amene ankakangana naye anali mwana wa ku Kasungu konkuno, pulezidenti wa nthawiyo Hastings Kamuzu Banda.

Boma linkafuna mabokosi awiri, la tambala ndi la nyali, monga zinkakhalira pa zisankho za aphungu, pomwe wopikisana aliyense ankakhala ndi bokosi lake. Pongomva, njirayi ndi yosavuta, makamaka kwa wosadziwa kulemba. Koma taganizirani tenanti wa pa esiteti ya fodya chakumpoto kwa boma la Kasungu. Mwezi wa Juni fodya ali ku okushoni, malipiro a chaka chonse sanatuluke, ndipo kapitawo waima pamzere womwewo kumbuyo kwake. Mabokosi akakhala awiri, mapazi okha amaulula munthu. Bokosi lina limalemera, lina limapepuka, wonyamula n'kudziwiratu zotsatira asanatsegule. Ndiponso bokosi lodziwika kuti ndi la mbali yakuti likhoza kusochera panjira, kapena kumatidwa chizindikiro china. A magulu ofuna matipate a AFORD ndi UDF, pamodzi ndi a mipingo, anakana kwamtuwagalu, mpaka katswiri wa malamulo wa ku Senegal, Adama Dieng, anabwera kudzayanjanitsa mbali ziwirizo, n'kugwirizana za bokosi limodzi.

Luso lili apa. Bokosi limodzi limasakaniza mavoti kotero kuti wofuna kuwononga a mnzake awononganso ake omwe. Envelopu imabisa chithunzi pa mtunda waufupi uja wochokera m'kachipinda kukafika pabokosi, womwe ndiye mtunda woopsa kuposa wina uliwonse. Chotayira chija, chomwe ambiri sankachiwerengera n'komwe, ine ndimachiona chanzeru kuposa zonse. Pepala lotsala ndi umboni. Munthu akatuluka nalo m'thumba, wayufi kapena bwana akhoza kumuuza kuti, "Tationetsani lomwe mwatsala nalo." Likatsala m'kachipinda, palibe choti aonetse, palibenso choti agulitse.

Anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anasankha nyali. Chigawo chapakati, kuphatikizapo Kasungu, ambiri anasankha tambala, ndipo bokosi lomwelo linasunganso mavoti awo bwinobwino.

Nanga kukanapanda Kamuzu, zisankho za pulezidenti zikanayenda bwanji? Choyamba, mwina zikanayamba msanga. Dziko linakhala ripabuliki mu 1966, iye n'kukhala pulezidenti popanda anthu wamba kuponya voti, ndipo mu 1971 anamuika kukhala wamuyaya. Amalawi anadzavotera pulezidenti koyamba pa 17 Meyi 1994. Sindikunena kuti wina akanabweretsa matipate. Anyamata amene anamuitana kuti abwerere kumudzi mu 1958, a Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, anakula m'nyengo imene chipani chimodzi chinkaoneka chanzeru pafupifupi mu Africa monse. Komabe ku Tanzania kwa Nyerere ndi ku Zambia kwa Kaunda anthu ankafola ndithu zaka zisanu zilizonse kukanena kuti inde kapena ayi kwa mtsogoleri mmodziyo. Kuno ngakhale mwambo umenewo kunalibe. Ndiye mu 1994 bungwe la zisankho, lotsogoleredwa ndi Jaji Anastasia Msosa, linachita kuphunzitsa dziko lonse ntchito yatsopano, kuyambira kalembera mpaka kasindikizidwe ka zotsatira.

Masamu a chaka chimenecho ndi osangalatsa kuwaseweretsa. Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu 33, Chakufwa Chihana 19. Mavoti a Kamuzu anachokera kwambiri pakati, a Muluzi kummwera, a Chihana kumpoto. Munthu angaganize kuti kuchotsa dzina la Kamuzu papepala kukanamwaza 33 uja. Koma tili ndi pomwe tingayesere. Kamuzu anamwalira mu Novembala 1997 ku Johannesburg, ndipo mu 1999 tambala ananyamulidwa ndi Gwanda Chakuamba, munthu wa ku Nsanje, atagwirana manja ndi Chihana. Anapeza pafupifupi 45, Muluzi 52. Mavoti a chigawo chapakati sanamwazike. Anali atakhazikika pa chipani, pa nthambi zake za m'midzi, pa amayi ovina ndi mafumu, zinthu zomwe Kamuzu anazimanga kwa zaka makumi atatu. Funso lenileni ndiye si la kusowa kwake pa tsiku lovota, koma la kusowa kwake kuyambira pachiyambi.

Lero pepala ndi limodzi, lokhala ndi mayina, nkhope ndi zizindikiro za onse, ndipo munthu amachonga pa amene wamufuna. Envelopu inatha ntchito, kupinda pepala ndiko kunalowa m'malo mwake. Koma mtima wosakhulupirira dzanja limodzi uja unatsala, ndipo umaoneka bwino pa nthawi yowerenga.

M'mamawa, voti isanayambe, woyang'anira malo amatembenuza bokosi kuti mamonitala, anthu otumidwa ndi zipani kudzapenyerera, aone kuti mulibe kanthu. Amalitseka ndi timaloko tapulasitiki tokhala ndi manambala, tomwe sitimasuka popanda kudulidwa, ndipo monitala aliyense amakopera manambalawo. Wovota amapakidwa inki yosafufutika pachala kuti asabwerenso. Madzulo bokosi silipita kwina. Amalitsegulira pomwepo, nthawi zambiri m'kalasi ya pulayimale, madesiki atalumikizidwa. Asanaone za opikisana, amayamba ayanjanitsa manambala: mapepala omwe analandira, omwe agwiritsidwa ntchito, oonongeka ndi otsala. Kenako mmodzi amafutukula pepala, kulikweza m'mwamba, kutchula dzina, n'kuliika pamulu wake. Amene anakhalapo m'chigafa posankha fodya aidziwa ntchitoyi: tsamba lililonse kuligwira palokha, kuliyang'ana pa kuwala, kuliika pa giredi yake, lokayikitsa kuliika pambali kuti akambirane. Pepala lochongedwa pawiri, kapena lomwe chongi chake chagwera pakati pa mayina awiri, limazungulira m'maso mwa onse lisanatchedwe lopanda ntchito.

Pomaliza pamabwera fomu ya zotsatira, yomwe mamonitala amasainira n'kutengako kope. Fomuyi ndi yomwe inagwetsa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu atapenda mafomu ofufutidwa ndi tipeksi, anathetsa zotsatira, n'kugamulanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Lamulo limeneli likanakhalapo mu 1994, 47 wa Muluzi sakanakwana. Pakanakhala chibwereza pakati pa iye ndi Kamuzu, ndipo anthu a kumpoto amene anavotera Chihana ndiwo akanagamula mlandu.