Luso la Achille Castiglioni pa Mipando ndi Nyale

Amisiri okonza mipando ndi nyale alipo ambiri, koma ndi owerengeka okha amene ntchito zawo zimakambidwabe eni ake atatsikira kulichete. Mmodzi mwa iwo ndi Achille Castiglioni wa ku Italy, amene anabadwira mumzinda wa Milan m'chaka cha 1918 ndi kumwalira mu 2002. Iyeyu anatsiriza maphunziro a zomangamanga pa Politecnico di Milano mu 1944, ndipo ntchito zake zambiri zotchuka anazipanga pamodzi ndi mkulu wake Pier Giacomo, amene anamwalira mu 1968.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso la Castiglioni linagona pa kudekha kotereku. Iye ankatola zipangizo wamba zimene ozipanga ake sadziwika, namazionetsa kwa ophunzira ake a ku yunivesite kuti aone nzeru yobisika m'menemo. Chikhulupiriro chake chinali chakuti mmisiri ayambe wamvetsa vuto la munthu wogwiritsa ntchito chinthucho, maonekedwe abwere pambuyo.

Tione mpando wotchedwa Mezzadro wa mu 1957. Abale awiriwa anatenga chokhalira chachitsulo cha pa thirakitala, nachimangirira pa chitsulo chopindika chimene chimanyutuka munthu akakhalapo, pansi naikapo mtanda wa mtengo. Iwo anazindikira kuti chokhalira chimene mlimi amapirira nacho tsiku lonse m'munda chinayesedwa kale mokwanira. M'chaka chomwecho anapanganso Sella, mpando wa chishalo cha njinga, woti munthu atsamirepo pang'ono poyankhula pa telefoni.

Pa nyale, ntchito yopambana zonse ndi Arco ya mu 1962, yopangidwa ndi kampani ya Flos. Vuto linali ili: kodi tebulo lodyerapo lingaunikidwe bwanji kuchokera pamwamba popanda kuboola denga? Yankho analipeza pa nyale za mumsewu. Anaimika chitsulo chachitali chokhota ngati uta pa mwala woyera wa ku Carrara, wolemera makilogalamu oposa 60, kotero kuti getsi limalendewera pamwamba pa tebulo pamene mwala uli patali, osapinga miyendo ya anthu. Pamwalapo anaboolapo bowo loti anthu awiri alowetsepo mpini wa tsache ndi kunyamula. Apa palibe chimene chinaikidwa chifukwa cha kukongoletsa chabe, komabe nyaleyo ndi yokongola. Nayonso Toio, ya chaka chomwecho, inapangidwa ndi getsi la kutsogolo kwa galimoto.

Ngakhale zili choncho, sitingangoyamikira osafunsa. Choyamba, Sella ndi mpando wosakhalika nthawi yaitali, ndipo munthu wokalamba sangaudalire. Pamenepa nthabwala zinapambana phindu. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, zinthu zimene zinabadwa kuchokera ku zipangizo za anthu wamba zinakathera m'nyumba za anthu olemera ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zaluso monga Museum of Modern Art ya ku New York. Dzina lakuti Mezzadro limatanthauza mlimi wolima m'munda wa mwini nagawana naye zokolola, koma mlimi wotere sangaukwanitse mtengo wa mpandowo. Ndiponso mpandowo unadikira mpaka 1971 kuti kampani ya Zanotta iyambe kuupanga wogulitsa, umboni wakuti amalonda sanafulumire kuulandira.

Zofooka zimenezi sizichotsa ulemu wa mmisiriyu, pakuti mtengo amauika ndi amalonda. Chimene Castiglioni anasiya sichili m'mwala wa ku Carrara ayi, koma m'njira yake yogwirira ntchito: kufunsa chimene munthu akusowa, kuyang'anitsitsa zimene zilipo kale, ndi kuchotsa chilichonse chosafunika. Njira imeneyi ilibe mtengo, ndipo mmisiri aliyense wofatsa angathe kuitsata.