Liu Lopanda Mwini

Kwa Mwase ku Lundazi nkhani za ndale zakhala zikufika ndi khutu koposa ndi maso. Nyuzipepala ya boma ya Mutende, imene inayamba m'caka ca 1936, inali kufuna munthu wodziwa kuwerenga, ndipo oterowo anali ocepa. Tsono m'caka ca 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special, ya mapaundi 5, ndipo mudzi wonse unatha kumva mau a ku Lusaka nthawi imodzi.

Wailesiyo inali ya boma la Atsamunda. Pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukhazikitsidwa m'caka ca 1953, anthu akuda anacikana, koma wailesi sinanene kukana kwao monga momwe iwo anali kukumvera mumtima. Anthu anakwiya, ndipo m'matauni munabuka mphekesera yakuti olankhula pa wailesi anali opopa anthu mwazi. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lace la Wayaleshi m'caka ca 1959. Mphekeserayo inali bodza. Komabe ine ndiona cinthu cimodzi cabwino pa masiku amenewo: womvera anali kudziwa mwini wa liu limene anali kumva, nadziwanso comwe mwiniyo anali kufuna.

Lero pakamwa pacuruka. Pali Radio Chikaya pa boma pa Lundazi, Breeze FM ya ku Chipata, ZNBC, ndiponso MBC ya ku Malawi imene mau ace sasowa ciphaso pa malire. Zonsezi ziri ndi eni ace, ndipo zikanama tidziwa khomo lokagogodapo. Ngakhale wandale akagula nthawi pa wailesi kuti adzitame, dzina lace limamveka.

Cimene cindidetsa nkhawa ndi liu la pa WhatsApp. Munthu wosadziwika alankhula Cicewa kapena Citumbuka cosalala, nanena kuti feteleza wa boma sadzafika kwa osankha cipani cakuti. Ali kuti? Walipidwa ndi yani? Palibe wofunsa, pakuti cinenero ca kwathu citipusitsa kuti wolankhulayo ndi mbale. Bvutoli si la kumudzi kokha iai. Ku America, kafukufuku wa Pew wa m'caka ca 2024 anapeza kuti akulu 54 mwa 100 ali onse amamva nkhani pa masamba a mcezo, masiku ena kapena kawirikawiri.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndinu mugwira foni pakhomo, ndipo ambuye anu akumva ndale kupyolera mwa inu. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndamva ndekha pa cigayo mai wacikulire akufunsa mdzukulu wace kuti, "Wanena zimenezi ndani?" Mnyamatayo, wa Giredi 12, anangoyankha kuti, "Zabwera pa foni, ambuya."